Alamu ya Chitseko, Lamulungu Masana

Kwathu ku Tsangano amati ndinagulitsa msuweni wanga kwa azungu. Sanena pamaso panga, koma ana anga amazimva ku mjigo ndi kusukulu. Ndikulemba izi kuti anawo akadzakula adzawerenge zimene zinachitika kuchokera kwa ine mwini wake.

Ku Joni ndinapita monga anapitira agogo anga ndi bambo anga, kungoti iwo ankatsikira pansi pa nthaka, ine ndinakakwera m'mwamba. Ndinasiya mkazi wanga Nangozo, ana awiri, nyumba ya zipinda ziwiri, ndi munda wa mbatatesi umene amalume anandidulira pa malo a mbumba yathu nditangokwatira. Amayi anali atamwalira kale, choncho mawu onse pamudzi anali a amalume. Mundawo ndi wabwino, uli kunsi kwa phiri kumene chinyezi chimachedwa kutha. Koma feteleza anatikanika zaka ziwiri zotsatizana, ndipo satifiketi yanga ya Fomu 4 inkangodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Ndinakwera basi.

Miyezi yoyamba ndinkakumba maenje a mipanda m'mafamu. Kenako ndinalowa pa kampani yaing'ono ku Limpopo, yosamalira nsanja za mafoni. Nsanjazo sizinali zathu. Eni ake anali kampani yaikulu ya kumzinda, ife tinali aganyu awo. Pa nsanja iliyonse pamakhala madishi oyera onga ng'oma, oyang'anizana ndi anzake a pa phiri lina, ndipo kuseri kwa dishi iliyonse kuli wailesi. Mawu a anthu amadumpha choncho, phiri ndi phiri. Njira imeneyo timaitcha linki. Pansi pa nsanja pamakhala kabati yachitsulo, momwe muli mabatire, mafani ndi makina ena. Malo onsewo timati saiti, ndipo saiti iliyonse ili ndi nambala yake.

Ndinakwera nsanja zaka zitatu, mpaka bondo linathyoka pa makwerero onyowa. Ndinkayembekezera kuchotsedwa. Koma kapitawo wathu, mzungu wina dzina lake Kobasi, anali ataona kuti malipoti anga amawerengeka ndipo sindinama nthawi. Anandiika m'chipinda cha maalamu.

Chipindacho chinali kontena yozizira, ya mipando iwiri ndi masikirini atatu. Ntchito yanga inali kuyang'ana. Chilichonse cholakwika pa nsanja iliyonse chinkabwera pa sikirini ngati mzere umodzi: nambala ya saiti, dzina la vuto, nthawi. Mzere wofiira unkabwera ndi belu. Wachikasu unkabwera mwakachetechete. Ukauona umadina kuti wauvomera. Belu limaleka, ndipo pambali pa mzerewo pamalembeka dzina lako ndi mphindi imene wadina. Zimenezo sizifufutika. Kenako umaganiza: nditume munthu, kapena ndidikire?

Chaka choyamba ndinkatuma anthu pachabe, iwo n'kumanditukwana. Pang'onopang'ono ndinaphunzira. Mphamvu ya linki ikatsika mbali zonse ziwiri nthawi ya dzinja, imeneyo ndi mvula. Usatume munthu, ikakata linki ibwerera yokha. Ikatsika tsiku la mphepo n'kukhala pomwepo, dishi yapotoka, pafunika wokwera. Alamu ya fani ikalira lero, mawa ilira ya kutentha, mkuja wailesi yafa. Alamu ya chitseko inali ndi lamulo lakelake, chifukwa akuba mabatire anali atachuluka. Wantchito aliyense asanatsegule kabati ankayenera kutiimbira. Chitseko chikatseguka popanda woimba, tinali ndi mphindi zisanu zoitanira alonda a mfuti.

Okwera nsanja sankandikonda. Sikirini inkaulula nthawi imene munthu watsegula kabati ndi nthawi imene watseka. Wina akanena kuti wagwira tsiku lonse, Kobasi ankabwera kudzafunsa, ndipo ine ndinkawerenga zimene zalembedwa. Ankanditcha kazitape. A konko ankawonjezera kuti kwerekwere, dzina lawo lonyozera mlendo, wakhala pampando wa mwana wa eni dziko.

Pampando winawo pankakhala mayi wa konko, Mapula. Zaka zonse zimene tinagwira limodzi sananditchulepo dzina. Ankangoti "Malawi". Kapu yake ankaitsekera m'dirowa. Koma ntchito ankaidziwa, ndipo diso lake limodzi silinkachoka pa sikirini yanga, kudikira tsiku limene ndidzalakwe.

Anthu okhawo amene ndinkaseka nawo anali a kuseri kwa yadi ya kampani, kumene tinkagona m'zipinda za malata, Amalawi asanu ndi Azimbabwe atatu. Loweruka tinkametana ndi mashini amodzi, titakhala pa ndowa. Wina akadwala tinkamuperekeza kuchipatala awiriawiri, chifukwa mlendo akapita yekha amakhala pa benchi mpaka chipatala chitsekedwe.

Lakisoni ndi mwana wa amalume, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Amalume anatenga mkazi wawo chitengwa, choncho Lakisoni anakulira pamudzi pathu pomwe. Pa chisuweni anthu amatukwanana popanda mlandu, koma zathu sizinali zoseka zokhazokha. Iye sanaiwale kuti munda wa kunsi kwa phiri, umene bambo ake ankalima, unapita kwa ine mwana wa mlongo wawo.

Tsiku lina amalume anaimba.

"Tamva ukukhala pa mphepo yozizira, ukungodina ndi chala. Mbale wako kuno akungokankha njinga. Umutenge."

"Amalume, ntchito yake ndi yokwera m'mwamba. Komanso alibe mapepala."

"Munda umene mkazi wako akulimawo uli ndi mapepala?"

Ndinamutenga.

Kunena zoona, Lakisoni anali mmisiri. Ankakwera ngati alibe mafupa, ndipo dzanja lake lamanzere linkamasula nati imene ena awiri ailephera. Chaka chachiwiri Kobasi anamupatsa makiyi a makabati. Madzulo akabwera ndi fumbi m'maso ankaima pakhomo pa kontena.

"Asuweni, mwaswera bwanji? Chala chatupa?"

"Chatupa. Tsekani chitseko, mukulowetsa kutentha."

"Pepani bwana. Kutentha n'kwathu ife agalu."

Ankanena moseka, koma m'maso simunkaseka.

Choyamba chimene chinatidanitsa kwenikweni inali fani. Alamu yake inalira pa saiti ina yakutali, msewu wake wa miyala. Ndinatuma Lakisoni ndi fani yatsopano. Atafika alamu inazima, ine ndinalemba kuti zatheka. Patapita masiku anayi wailesi ya pamenepo inafa ndi kutentha, popanda chenjezo lililonse. Amene anapitako anapeza fani yakale ili pomwepo, yosazungulira, ndipo mawaya a alamu atalumikizidwa kuti sikirini ione ngati zonse zili bwino. Fani yatsopano sinaoneke. Kobasi atandifunsa amene ndinamutuma, ndinati mwina ndinasokoneza mayina. Ndinalandira kalata yondichenjeza, yonena kuti ikadzabwera yachiwiri ndidzanyamule zanga. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchito imeneyo.

Ndinamuuza Lakisoni kuti ndamuphimba kamodzi, ndipo sindidzabwerezanso.

"Wandiphimba?" anatero. "Iwe ukudya za bambo anga chaka ndi chaka. Ndani akuphimba mnzake?"

Pali chinthu chimene anthu osagwira ntchitoyi sakhulupirira. Ukayang'ana maalamu zaka zambiri, umayamba kuzindikira anthu. Mmisiri aliyense ali ndi kagwiridwe kake, ndipo mizere imabwera motsatira manja ake. Wina amasiya chitseko chikulira mpaka amalize. Wina amayamba wazimitsa mafani. Mabatire amakhala m'mashelefu awiri, ndipo aliyense amayamba kuzimitsa shelefu yoyamba, chifukwa swichi yake ili kumanja. Lakisoni yekha ankayamba yachiwiri, ya kumanzere. Ndiponso ankadana ndi kulira kwa sairini ya pa kabati, choncho akangotsegula ankamata kabatani ka chitseko ndi tepi. Pa sikirini yanga alamu ya chitseko inkabwera, n'kuzima pasanathe masekondi khumi. Akuba wamba sachita zimenezo. Amathyola chitseko, kudula mawaya onse, mizere n'kugwa pamodzi ngati matalala.

Linali Lamulungu, itangokwana 2 koloko masana. Ine ndi Mapula tinali pa ntchito. Kunja kunkatentha moti malata ankalira. Belu linalira: saiti 31, chitseko chatseguka. Palibe amene anaimba. Ndisanafike pa mbewa ya kompyuta, alamu inazima yokha. Ndinayang'ana nthawi. Masekondi asanu ndi atatu.

Dzanja linali likadali m'malere. Mzere wina unabwera: mabatire, shelefu yachiwiri yazimitsidwa.

Saiti 31 inali pa phiri lalitali, ndipo nsanja zina zisanu ndi imodzi zinkadalira iyo, za m'midzi ndi ya pafupi ndi chipatala. Ndandanda ya kuzima kwa magetsi inali pakhoma: dera limenelo azimitsa 4 koloko. Popanda mabatire, zonse zigwa.

Ndinatenga foni yanga, osati ya kampani, n'kuimbira Lakisoni.

"Uli kuti?"

"Kutchalitchi. Ukufuna chiyani?"

Kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva mphepo ndi mafani a kabati. Phokoso limenelo ndinakhala nalo zaka zitatu, sindingalisokoneze ndi kwaya.

"Lakisoni, uli pa 31."

Anaseka.

"Ndiye dina kabatani kakoko. Ulembe kuti swichi ya chitseko ikuvuta."

"Wakutuma ndani?"

"Kobasi."

"Bwanji sunaimbe?"

"Wati ndisaimbe. Kodi unasanduka wapolisi? Mphindi makumi awiri ndachoka."

"4 koloko magetsi azima. Nsanja zisanu ndi ziwiri zigwa."

"Ndi za abambo ako? Dina, iwe. Ukumbuke kumene mkazi wako akulima."

Anadula.

Mapula sankamva Chichewa, koma dzina la Lakisoni analimva, ndipo manambala tonse timatchula m'Chingerezi. Anatembenuza mpando wake n'kundiyang'ana bwinobwino, mwina koyamba chifikireni changa.

"Malawi, mphindi zitatu zatha. Uimba, kapena ndiimbe ine n'kulemba kuti iwe unakana?"

Ndinayesa foni ya Kobasi. Inaitana mpaka kuduka. Lamulungu masana ankakhala akuwotcha nyama ndi anzake, sankayankha.

Ndinaitana alonda. Sindinama kuti ndinaimba ndi chisoni. Ndinali ndi ukali, ndipo mawu ake omaliza ankandilira m'khutu. Ndikadatha kuwauza kuti amene ali pamenepo ndi wantchito wathu, alibe chida, angomugwira. Sindinawauze. Ndinatchula nambala ya saiti ndi nthawi, monga lamulo linkanenera, n'kuika foni pansi. Ngati pali mlandu umene ndimauvomera pa nkhani yonseyi, ndi umenewo.

Zotsalazo ndinazionera pa sikirini. Shelefu yoyamba inazimitsidwa. Panapita nthawi popanda kanthu. Kenako alamu ya chitseko inabweranso, n'kukhala. Tepi ija inali itachoka. Itakwana 4 koloko magetsi anazima, ndipo mizere yofiira inatsika umodzi pambuyo pa unzake mpaka sikirini inadzaza. Mapula ndiye ankadina. Ine ndinkangowerenga manambala a masaiti.

Alonda anapita ndi galu. Munthu wa galimoto amene anali ndi Lakisoni anathawa ndi theka la mabatire. Lakisoni anamupeza ali ndi sipanala m'manja. Anamuthyola mkono wamanzere pawiri, ndipo galu anamaliza zotsala. Anakhala m'ndende miyezi yambiri, kenako anamukweza pamodzi ndi ena opanda mapepala kumubweza ku Malawi.

Lolemba, tsiku lotsatira Lamulungu lija, ndinamufunsa Kobasi ngati anamutuma Lakisoni.

"Ine sindituma munthu Lamulungu," anatero, osandiyang'ana. "Wachita bwino. Bwerera pampando."

Koma ine ndinkadziwa kuti eni nsanja akamabwera kudzayendera, Kobasi ankasamutsa mabatire abwino kuchoka pa saiti ina kupita pa imene iyenderedwe, osalemba paliponse. Anachitapo kawiri ine ndikuona. Choncho sindinkadziwa. Mwina Lakisoni ananama. Mwina Kobasi ndiye ananama. Funso limenelo ndinakhala nalo zaka zitatu, ndipo linandichotsa mnofu.

Kuseri kwa yadi nkhani inafika ine ndisanafike. Loweruka lotsatira ndinakhala pa ndowa kudikira mashini, anthu n'kumwazikana mmodzimmodzi. Mkulu wina wa ku Kasinje, amene ndinamuperekezapo kuchipatala katatu, anakulunga waya wa mashini n'kunena akuyang'ana kumbali:

"Ife kuno adani tili nawo okwanira. Sitinkadziwa kuti wina tikugona naye."

Kuyambira pamenepo ndinkakametetsa kutauni. Ndikalowa, nkhani zinkatha. Wina analemba pa chitseko changa ndi makala mawu amene sindingawalembe pano. A konko nawonso sanandiyamikire. Ankati makwerekwere akuba okhaokha, ayamba kudyana.

Kumudzi Lakisoni anafika ndi nkhani yake: mzungu anamutuma, msuweni wake anadziwa, koma chifukwa cha nsanje anamuitanira agalu. Nangozo ankanditumizira mauthenga a mawu, afupiafupi. Chaka choyamba amalume anatenga theka la munda, ati wolumala adye chiyani. Chaka chachiwiri anatenga wonse, mbatatesi zili m'nthaka. Nangozo anayamba kubwereka kamunda kouma kumtunda. Feteleza amene ndinkatumiza ankathira pa miyala. Chaka chachitatu anati amalume ayamba kuyeza ndi mapazi malo amene pali nyumba yathu.

Chaka chomwecho eni nsanja anasamutsira ntchito yoyang'ana maalamu kumzinda waukulu. Kontena inagulitsidwa. Mapula anatulutsa kapu yake m'dirowa, n'kuchoka osatsanzika. Ine ndinakwera basi.

Munthu akachokera ku Joni, pakhomo pamadzaza. Amabwera ngakhale amene sunawaonepo, kudzaona zikwama. Pakhomo panga sipanafike munthu. Mwana wanga wamkulu anandipatsa moni ngati mphunzitsi watsopano. M'mawa mwake ndinatsikira kunsi kwa phiri. Mbatatesi zinali zitachita maluwa, mizere yowongoka bwino. Aganyu atatu ankakwezera, ndipo Lakisoni anali ataima kumapeto, mkono wamanzere wowonda, wopindikira pachifuwa. Anandiona.

"Asuweni! Mwabwera kudzaona nthawi imene tayamba ntchito? Lembani, tayamba 6 koloko."

Aganyu anaseka. Ndinabwerera.

Patapita sabata amalume anandiitana. Anaitananso akulu a mpingo awiri. Nkhani inali yakuti mpingo unamudula Lakisoni chifukwa cha mbiri ya kuba, ndipo anthu ena pamsika ankamutchulabe mbava. Amalume sanazungulire.

"Unene pamaso pa akuluwa kuti mwana wanga sanabe, anatumidwa, ndipo iwe unalakwitsa. Ukatero, munda tigawa pakati, nyumba ikhala. Ukakana, mkazi wako ali ndi kwawo, iwenso njira ya ku Joni ukuidziwa."

Ndinali nditakonzeka. Ndinkafuna kunena zoona zimene ndinali nazo: kuti sindikudziwa ngati anatumidwa, kuti mzungu uja anali wokhoza kumutuma n'kukana, ndiponso kuti ndinalakwa posawauza alonda kuti ndi wathu. Ndinkaganiza kuti zimenezo zikwanira, ndipo ndinali wokonzeka kugwada.

Tinali titakhala panja, pansi pa mtengo wa pichesi. Ndisanayambe, mvula inabwera yamphamvu kuchokera ku Mozambique, ndipo tinathamangira m'nyumba ndi mipando m'manja. M'nyumba ya amalume ndinali ndisanalowe chibwerereni.

Pakona, pansi pa tebulo, panali mabatire awiri. Sanali a galimoto. Anali aatali, opyapyala, otuwa, mitu yonse iwiri yolumikizira waya ili kutsogolo. Waya unkachokera pa sola ya padenga, ndipo pa tebulo panali mafoni asanu ndi limodzi akuchajidwa, a anthu a m'mudzi. Kampani yathu inkalemba nambala ya saiti pa batire iliyonse ndi penti wachikasu. Wina anayesa kupala, koma penti ameneyo amalowa. Nambala inkaoneka: 18.

Saiti 18 inabedwa chaka chathunthu Lakisoni asanagwidwe, tsiku limene ine ndinali pa tchuthi. Tonse tinati ndi anyamata a m'malokesheni. Mlonda wa pa famu ina anachotsedwa ntchito chifukwa cha nkhani imeneyo.

Zaka zitatu ndinkadzifunsa, yankho lili pansi pa tebulo la amalume.

Ndinakweza maso. Lakisoni ankandiyang'ana, ndipo anaona chimene ndaona. Sanachite manyazi. Anatambasula mwendo n'kuika phazi pa batire imodzi, ngati munthu wopumitsa mwendo pa chitsa.

"Tikumvetsera," anatero amalume.

Ndinapempha kuti nditulukeko kaye. Ndinaima pakhonde, madzi akugwa kuchokera pa malata. Nangozo ananditsatira, nsalu ili kumutu.

"Mwawaona?" ndinamufunsa. "Mabatire aja ndi a kuntchito kwathu."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Anabwera pa lole ya katundu wa ku Joni, mudzi wonse ukuona. Anabwera anayi, awiri anagulitsa ku Mozambique. Akulu a mpingowo foni zawo zili pa tebulo lomwelo. Mukuganiza kuti pali amene sakudziwa?"

"Ndiye akufuna chiyani kwa ine?"

"Akufuna munene. Sanakufunseni zimene mukudziwa."

"Ndiname pamaso pa mpingo?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhope yake inali itakalamba kuposa zaka zimene ndinachoka.

"Bambo a Chisomo, inu munali kozizira. Ine ndinali kuno. Akazi anzanga amachotsa ndowa yanga pa mzere wa mjigo. Chisomo anasiya sukulu teremu yathunthu chifukwa chomenyedwa. Ndalima pa miyala zaka ziwiri. Ndinu wolungama, tamva, palibe akutsutsa. Koma mukatuluka muno osanena, mawa ndikutenga ana kupita kwathu, ndipo musadzanditsate."

Sanadikire yankho. Analowa.

Ndinakhala pakhondepo mpaka mathalauza ananyowa kufika m'mawondo. Kenako ndinalowa, n'kuima pakati pa chipinda. Ndinavula chipewa.

"Akuluakulu, Lakisoni sanabe. Anatumidwa ndi kapitawo. Ine ndinalakwitsa."

"Kwezani mawu, asuweni," anatero Lakisoni. "Mvula ikusokosa."

Ndinabwereza mokweza.

Akulu a mpingo anagwedeza mitu. Mmodzi anati Mulungu amakonda olapa, n'kupemphera pemphero lalitali. Atatha, amalume anati mvula ikakata tipite kumunda ndi chingwe, tikagawe. Anati mbali ya kumtunda ikhala yanga. Ya chinyezi ija inatsala kwa Lakisoni. Sindinatsutse.

Tikudikira kuti mvula ikate, amalume anadzuka, n'kuzula foni yawo pa waya. Anaiyang'ana, yadzaza. Anandilozera waya wotsalawo, nkhope ili yofewa kwa nthawi yoyamba.

"Tatha nkhani, mwana wa mlongo wanga. Yako ili ndi moto? Ikapo."

Foni yanga inali itazima kuyambira dzulo lake.

"Ili ndi moto, amalume," ndinatero.

Nyumba ilipo. Ana ali pasukulu. Mbatatesi za kumtunda zimabereka mvula ikakhala yabwino. Lakisoni anabwezeredwa mu mpingo, ndipo chaka chatha anamusankha kusunga makiyi a tchalitchi. Tikakumana panjira timapatsana moni.

Foni yanga ndimakachajitsa pamsika wa Tsangano. Ndi ulendo wa maola awiri kupita ndi kubwera, ndipo bondo lija limavuta kukazizira.